Timikanda Toyamwa Chinyezi

Mvula ikangokhazikika cha mu Disembala, ife ojambula zithunzi timayamba kufunsana funso la chaka ndi chaka: kodi timikanda toyamwa chinyezi akugulitsa kuti? Ena amati silica gel, ena amangoti timapaketi ta m'bokosi la nsapato. Wofunsayo kawirikawiri amakhala atazungulira kale mashopu a makamera ndi mafoni, n'kuuzidwa kuti kulibe, mwinanso n'kupatsidwa kapaketi kamodzi kotsalira m'katoni ya katundu wina. Kumene timikandati timapezeka ndimakudziwa, ndipo sindibisa. Koma ndisanamulozere njira mnzangayo, ndimayamba ndamufunsa kuti akakagula adzatiika m'chiyani. Ambiri amati m'chikwama cha kamera. Akatero ndimadziwiratu kuti ndalama yake ikukalowa m'madzi, ndipo lenzi yake idakali pangozi.

Chimene tonsefe tikuopa ndi chuku. Amene sanachionepo achotse lenzi pakamera, atsegule kabowo kolowera kuwala mpaka pamapeto, aunike ndi tochi ya foni mbali imodzi iye akusuzumira mbali inayo. Lenzi yabwinobwino imangoonetsa tifumbi apa ndi apo. Yogwidwa imaonetsa timitsitsi toyera totambalala kuchokera m'mphepete mwa galasi kulowera pakati. Mbewu za chuku zili paliponse mumpweya, ndipo palibe lenzi yotsekeka moti n'kuziletsa kulowa. Ya zoom ndiye imachita kukoka mpweya ndi fumbi nthawi iliyonse tikaitambasula. Mbewuzo zikalowa zimangokhala phee kudikira nyengo yake, pakuti chakudya zimachipeza momwemo: fumbi, mafuta a m'zala, tiulusi ta nsalu. A kampani ya Zeiss ya ku Germany, amene akhala akupanga magalasi kuyambira zaka za m'ma 1800, amati chuku chimamera chinyezi chikafika 70 peresenti kwa masiku opitirira atatu, kutentha kuli pakati pa madigiri 10 ndi 35, pamalo amdima pomwe mpweya suyenda. Amene anatsegulapo kabati ya zovala mu Febuluwale n'kupeza nsapato zachikopa zitabiriwira akudziwa kuti malo oterowo ali m'nyumba mwake momwe.

Chuku chikamakula chimatulutsa asidi amene amadya mankhwala opyapyala okutira galasi. Chikaoneka msanga, mmisiri amamasula lenzi n'kupukuta. Chikakhalitsa, apukute chotani, zipsera zimatsala. Choipa n'chakuti zithunzi sizionongeka tsiku limodzi. Zimayamba kutuwa pang'onopang'ono, zakuda osadanso bwino, ndipo ukajambula moyang'anizana ndi kuwala, monga mkwatibwi akutuluka pakhomo la tchalitchi dzuwa lili kumbuyo kwake, chithunzi chonse chimachita utsi. Wojambula amayamba kukayikira luso lake, kapena kuganiza kuti kamera yakalamba, pomwe vuto lili m'kati mwa galasi.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndikudziwa mmene lenzi imapezekera kwathu kuno. Wojambula maukwati, zinkhoswe ndi maphwando a omaliza sukulu amasunga ndalama miyezi yambirimbiri, ena mpaka kugwira ya banki m'khonde, kuti aitanitse lenzi imodzi yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, ku Britain kapena ku Joni. Lenzi imeneyo ndiyo mpamba wake, lendi ya nyumba ndi fizi ya ana. Amisiri odziwa kumasula lenzi yamakono n'kuibwezera mwakale ndi owerengeka, ndipo kwacha ikagwa mtengo wa ina umakwera tsiku lomwelo. Munthu wa ku London lenzi ikamuonongekera amadandaula n'kugula ina. Mnzanga wa ku Nkhata Bay ikamuonongekera, ntchito yaima.

Dzinja ndi nyengo imene wojambula aliyense amaikonda. Fumbi ndi utsi wa m'chilimwe zimachoka, phiri la Mulanje limaoneka pafupi, minda ya tiyi ku Thyolo imabiriwira mochita kuwawa m'maso, mitambo imaunjikana pamwamba pa nyanja. Komatu walira mvula walira matope. Ku Nkhata Bay ndi m'munsi mwa phiri la Mulanje mvula imapitirira mamilimita 1,500 pachaka, pomwe ku Lilongwe nthawi zambiri siifika 1,000. A m'mbali mwa nyanja chinyezi sichiwachoka ngakhale mvula itakata. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje akangoti apume mu Meyi, chiperoni chimafika mu Juni ndi Julayi ndi mvula yake yowaza, zovala osauma pachingwe. Vutoli si lathu lokha, ndipo si latsopano. Pa Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, magalasi oonera patali a asilikali ankaonongeka ndi chuku m'nkhalango za New Guinea, mpaka akatswiri a sayansi ku Melbourne, m'dziko la Australia, anapatsidwa ntchito yofufuza njira yowatetezera.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti malenzi ambiri amaonongeka m'manja mwa anthu amene amawasamala kwambiri. Tinaleredwa kuti chinthu chamtengo wapatali uchikulunge, uchibise, usachigwiregwire. Mbale za alendo zimakhala m'kabati, suti ya ukwati m'sutikesi pansi pa bedi. Ndiye munthu akagula lenzi yodula amaikulunga m'nsalu, n'kuiika m'kathumba kake kachikopa, kathumbako m'chikwama, chikwamacho pakona ya kabati yotsamira khoma lonyowa, n'kumaitulutsa pa ukwati waukulu wokha. Nsalu, chikopa ndi siponji ya m'chikwama zonse zimasunga madzi. Lenzi ya tsiku ndi tsiku, imene imapsa ndi dzuwa ndi kuombedwa mphepo, imakhala zaka osagwidwa. Yosungidwa mwaulemu ija ndiyo imayamba kudwala. Ulemu umene chipangizochi chimafuna ndi wina, ndipo tiyenera kuuphunzira.

Timikanda tikunenati si mankhwala ophera chuku ayi. Ndi silicon dioxide, chinthu chomwecho chimene chili mumchenga, koma chopangidwa mwanjira yoti kamkanda kalikonse kakhale ndi timabowo tosaoneka ndi maso tosawerengeka. Njira yotipangira tochuluka anaikonza ndi Walter Patrick, mphunzitsi wa chemistry pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America, cha kumapeto kwa Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse, ndipo pa nkhondo yachiwiri tinkagwira ntchito yosunga mankhwala a penicillin kuti asanyowe. Mutati mutambasule makoma a timabowo ta galamu imodzi yokha, angakute malo okwana masikweya mita pafupifupi 800. Madzi a mumpweya amakakamira m'makoma amenewo, ndipo timikandati timatha kunyamula madzi olemera mpaka 40 peresenti ya kulemera kwake. Tikadzadza sitinyowa, sitisungunuka, ndipo toyera sitisintha maonekedwe. Kapaketi koyera kodzadza ndi kouma ukawagwira amamveka chimodzimodzi, n'chifukwa chake anthu amayenda ndi kapaketi kakufa m'chikwama zaka zitatu mtima uli m'malo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mpweya wotentha madigiri 30, chinyezi chili pa 80 peresenti, umakhala ndi madzi pafupifupi magalamu 24 pa kiyubiki mita iliyonse. Chipinda chogona cha mamita 3 m'lifupi, 4 m'litali ndi 2.5 kukwera m'mwamba ndiye kuti chili ndi madzi opitirira magalamu 700 oyandama mumpweya, ndipo ena amalowa mosalekeza pazenera ndi pansi pa chitseko. Kapaketi ka m'nsapato ka galamu imodzi sikangamwe ngakhale theka la galamu. Chikwama cha kamera chili ndi zipi ndi nsalu zopitisa mpweya, choncho kapaketi koikidwa mmenemo kakulimbana ndi chipinda chonse, ndi dzinja lonse la panja. Tsopano tengani ndowa yapulasitiki ya malita 20 yotseka mothina. Mpweya womwewo, m'ndowamo muli madzi osapitirira theka la galamu. Magalamu 100 a timikanda touma amamwa madziwo n'kutsala ndi malo ambiri odikira ulendo wina mukadzavundukula.

Mlimi amene amasunga chimanga m'matumba a PICS sangavutike kumvetsa zimenezi. Amadziwa kuti chimanga chiyambe chauma, kenaka mapulasitiki awiri a m'kati amangidwe lililonse palokha, ndipo kabowo kamodzi kokha kakhoza kuononga ntchito yonse. Kamera nayo n'chimodzimodzi. Chogula choyamba si timikanda koma chosungiramo: kontena yapulasitiki ya chakudya yokhala ndi labala pachivundikiro ndi zomangira m'mbali, kapena ndowa ya chivundikiro chothina. Zimenezi zili mumsika uliwonse. Amene ali ndi ndalama angagule bokosi lolimba la mtundu wa Pelican, koma chinyezi sichiyang'ana dzina la kampani, chimangofuna mpata.

Chachiwiri ndi kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer, kakang'ono ka batire kamene kamalemba manambala. Popanda iko mukungoyenda mumdima. Nambala yofunika ndi ya pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Ikakwera kupitirira 60, timikanda tatopa. Kuitsitsa kwambiri kupyola 30 sikuthandiza, chifukwa malabala ndi mafuta ofewetsa zoyenda za m'kati safuna kuuma kopitirira muyeso. Tizipangizo totsika mtengo nthawi zina timanama, koma kutiyesa n'kosavuta. Thirani mchere wa m'khitchini m'kachitsekero ka botolo, mudonthezeremo madzi ongoti unyowe osasungunuka, mutsekere limodzi ndi hygrometer m'kontena yaing'ono usiku wonse. M'mawa iyenera kuwerenga pafupifupi 75. Ikawerenga 70, dziwani kuti nthawi zonse muziwonjezerapo 5.

Tsopano tingakambe za kogula. Kushopu ya makamera n'kumene ndimapita pomalizira. Silica gel amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi anthu amene sanagwirepo kamera, ndipo oyamba ndi a zamagetsi. Pambali pa thiransifoma yaikulu pamakhala chibotolo chagalasi chodzadza timikanda tabuluu kapena taolenji, chimene chimaumitsa mpweya wolowa m'thanki ya mafuta. Timikanda timeneto amasintha pafupipafupi, choncho ogulitsa zipangizo za magetsi a m'mafakitale ndi amene amadziwa silica gel wa pakilogalamu, wabwino, wosintha mtundu akadzadza. Mukalowa m'mashopu oterowo ku Limbe, ku Ginnery Corner kapena ku Malangalanga mu Lilongwe, musatchule kamera, mungosokoneza wogulitsa. Nenani kuti mukufuna silica gel wa mu breather ya thiransifoma. Ngati alibe, kawirikawiri amadziwa amene amaitanitsa. Gulani wa m'chitini kapena m'pulasitiki yomata ya kufakitale, pashopu yopereka lisiti. Wogulitsidwa m'jumbo pamsewu musamulandire: akhoza kukhala wodzadza kale, ndiponso akhoza kukhala wochokera pa thiransifoma yophwasulidwa imene yasiya mudzi wonse kapena chipatala mumdima.

Ena ndi ogulitsa zipangizo za m'malabotale a sukulu, makoleji ndi zipatala, chifukwa kumeneko timikandati amaumitsira zinthu zoyeza. Mtengo wawo umakhala wokwererapo, koma katundu wake ndi wodalirika. Palinso njira imene ambiri amadabwa nayo: m'mashopu a ziweto ndi m'masupamaketi akuluakulu mumapezeka mchenga wa amphaka wooneka ngati timiyala tagalasi, wolembedwa crystal. Ameneyo ndi silica gel. Sankhani wopanda fungo lonunkhiritsa, mumusefe kuti fumbi lichoke, ndipo mumumange m'nsalu yothina bwino, chifukwa fumbi lake lisafike pagalasi.

Timapaketi taulere sindititaya konse. Ogulitsa nsapato zatsopano, zikwama ndi zipangizo zamagetsi amasesa tambirimbiri tsiku lililonse, ndipo ukapempha mwaulemu, makamaka pamene umagula nthawi zonse, amakusungira. Ingodziwani kuti tonseto timafika titadzadza kale, tiyenera kuumitsidwa tisanayambe ntchito, ndipo pamafunika tochuluka zedi kuti tikwane magalamu 100. M'mabotolo ena a mankhwala, kuphatikizapo a ma ARV, mumakhalanso kapaketi kapena kachitini ka timikanda. Apa ndipemphe ndithu: musachotse mankhwala asanathe. Kanaikidwamo kuti mapiritsi asaonongeke ndi chinyezi, ndipo moyo wa munthu suyerekezeka ndi lenzi. Botolo likatha, pamenepo tengani.

Amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku Cape Town akhoza kumutuma, pakuti kumeneko amagulitsa pa Takealot ndi m'mashopu a makamera, ndipo mabasi a ku Joni amanyamula katundu wotere mlungu uliwonse. Pa Amazon ndi AliExpress palinso tizitini ta aluminiyamu ta magalamu 40 tokhala ndi kazenera koonera mtundu wa timikanda, toyenera kuyenda nato paulendo. Ine ndimaona kuti kunja n'koyenera kuitanitsako hygrometer ndi tizitini timeneti, zinthu zopepuka. Kulipira ndege kuti inyamule makilogalamu a timikanda, pomwe a zamagetsi ali nato m'tauni momwemo, n'kutaya ndalama yakunja imene ikusowa kale.

Pa mitundu, ndimasankha taolenji. Tabuluu, timene timasanduka tapinki tikadzadza, timapakidwa cobalt chloride, amene maiko a ku Ulaya anamuika m'gulu la mankhwala oyambitsa khansa fumbi lake likamapumidwa. Taolenji timasanduka tobiriwira kapena totuwa, malinga ndi mtundu wake. Ngati mwapeza tabuluu tokha, tigwiritseni ntchito mosamala, totsekeredwa m'kathumba, ndipo muzisamba m'manja mukatigwira. Mukhozanso kusakaniza toyera tambiri ndi tamtundu pang'ono kuti tizikuuzani nthawi. Tonseto tikhale patali ndi ana. Toyera si poizoni kwenikweni, koma mwana akhoza kutsamwa nato.

Pali zina zimene anthu amagula poganiza kuti n'zofanana. Timakontena toika m'kabati ya zovala, tokhala ndi timibulu toyera pamwamba ndi malo odikha madzi pansi, muli calcium chloride. Ameneyu amamwa chinyezi kwambiri, koma amasungunuka n'kusanduka madzi amchere amene amadya chitsulo, ndipo kontenayo ikangogubuduka m'bokosi la kamera, zonse zatha. Aikidwe m'chipinda kapena pansi pa kabati, kutali ndi zipangizo. Mpunga suthandiza kwenikweni, ndipo fumbi lake ndi chakudya cha chuku chomwecho. Ngakhale a Apple amaletsa kuika foni yonyowa mumpunga. Timibulu tothamangitsa njenjete m'zovala sitichotsa chinyezi ngakhale pang'ono.

Ubwino wa silica gel n'ngwakuti sagulidwa kawiri. Akadzadza, muyaleni mopyapyala pathireyi yachitsulo imene simuphikira, mumuike mu uvuni pa madigiri 120 kwa ola limodzi kapena awiri, mpaka mtundu ubwerere. Moto ukapitirira pamenepo utoto wosonyeza chinyezi umapsa. Timapaketi tapulasitiki mutitumbule kaye, tingasungunuke. Wopanda uvuni athire mchenga m'poto wakale, akhazike mbale yachitsulo ya timikanda pamwamba pa mchengawo, aike pambaula makala atatsala pang'ono kuzilala, azitakasa. Kuyanika padzuwa, monga timachitira ndi zina zonse, sikukwanira, makamaka m'dzinja pamene mpweya womwewo ndi wonyowa. Akauma mumuthire adakali wofunda m'botolo lagalasi n'kutseka, apo ayi ayambanso kumwa chinyezi cha m'khitchini musanamufikitse kubokosi.

Alipo makabati amagetsi opangidwira kusungiramo makamera, amene amasunga okha chinyezi pa nambala imene mwasankha. Ndi abwino kwa wa situdiyo wa zipangizo zambiri, ndipo magetsi akazima amasungabe kuuma kwa kanthawi ngati simutsegulatsegula. Bambo wina wachikulire amene anandiphunzitsa kutsuka mafilimu analibe zonsezi. Makamera ake ankakhala m'kabati yamatabwa yobooledwa pamwamba ndi pansi, m'katimo mukuyaka babu laling'ono usana ndi usiku. Kufunda kwa babulo kunkatsitsa chinyezi, mpweya n'kumayenda. Ankandiuza kuti ngakhale kamera imene ilibe ntchito mlungu umenewo ndiziitulutsa, ndiziipotokola, ione kuwala. Mababu a LED a masiku ano safunda mokwanira kuti agwire ntchito imeneyi, koma malangizo ake otulutsa zipangizo ndimawatsatirabe: tsiku louma ndimayala malenzi pamthunzi wowala pakhonde, zitsekero zitachotsedwa, osalozetsa kudzuwa, pakuti galasi limasonkhanitsa kuwala n'kuyatsa moto.

Bokosi louma silikhululukira wolowetsamo zonyowa. Ukachokera kojambula mumvula, pukuta kamera ndi nsalu youma, tambasula zoom, uisiye pamalo opita mphepo maola angapo isanalowe. Lamba wa m'khosi, amene wamwa thukuta tsiku lonse, akhale kunja pamodzi ndi chikwama. Amene amajambula maukwati m'mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima amadziwanso zimene zimachitika ukatuluka m'chipinda chozizira ndi makina kupita kumchenga wotentha: galasi limachita mame kunja ndi m'kati momwe. Kamera iikidwe m'jumbo yomanga isanatuluke, ifunde ili momwemo, mame agwere pajumbo. Lenzi imene yagwidwa kale isagone ndi zinzake, ipite kwa mmisiri msanga. Ndipo pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, tochi ya foni iyambe yagwira ntchito ndalama isanatuluke m'thumba.

Kilogalamu imodzi ya timikanda ndi yambiri kwa munthu wa kamera imodzi ndi malenzi awiri, choncho ife timasonkherana. Anthu asanu akagawana, aliyense amatenga magalamu 200, n'kuwagawa m'timatumba tiwiri tansalu: kena kali m'ndowa, kena kali m'botolo kudikira kusinthana. Timagula mu Okutobala, kukali kouma, mvula yoyamba isanagwe ndiponso maukwati a mu Disembala asanatipanikize. Mmodzi mwa ife amene ali ndi uvuni ndiye amaumitsira tonse.